Malaya a Nkhanga

Nsaluyo inafika Lolemba masana, itakulungidwa m'nyuzipepala yakale. Anabwera nayo ndi Wilkins Chikafa, mnzake wa Gervazio wa kukoleji, ndipo sanatsike n'komwe m'galimoto. Anangoima pakhomo pa ofesi ya oyeza malo kumene Gervazio ankajambula mamapu, n'kuimba hutala kawiri, n'kutulutsa kamtoloko pawindo.

"Yako iyi, aise. Usoketse msanga. Paja ndinakuuza kuti achimwene anga, a Tamandani, akukwatira ku Mulanje? Ndi sabata yamawayi. Chinkhoswe Lachisanu masana, kutchalitchi Loweruka. Tchuthi cha pa 6 Julayi chagwera Lachisanu lomwelo, ndiye palibe chonamizira."

"Nanga nsaluyi?"

"Yunifomu ya pachinkhoswe. Aliyense wa ife ali ndi yake. Udzabwere kunyumba m'mawa ndi kagalimoto kako kaja. Tisu wati adzakwera yako."

Wilkins ananyamuka asanamve yankho, monga ankachitira nthawi zonse. Gervazio anatsala m'mbali mwa msewu atagwira kamtoloko ndi manja awiri ngati munthu wolandira ukalistia. Mawu awiri okha ndiwo anamutsalira m'makutu: "Tisu" ndi "ife".

Tisu ameneyu anali Tisungeni, mlongo wake wa Wilkins, amene ankagwira ntchito kubanki ina mumsewu wa Victoria, nyumba zitatu zokha kuchokera pa ofesi ya Gervazio. Kwa zaka ziwiri zathunthu Gervazio ankamupatsa moni nthawi ya nkhomaliro, ndipo m'zaka ziwirizo moniwo sunakulepo ngakhale pang'ono. "Mwaswera bwanji, a Tisungeni?" "Ndaswera, kaya inu achimwene?" Zikatero aliyense ankalowera kwake. Sikuti mawu analibe. Anali nawo, ndipo anawayeza ndi kuwayezanso monga ankachitira ndi malire a mapuloti a anthu, kudula apa, kuwonjezera apo, mpaka zinatsala ziganizo zitatu zopanda chilema. Chimene chinkasowa ndi malo ozinenera. Mumsewu wa Victoria mumadzaza ogulitsa mayunitsi, osunga magalimoto ndi anthu odziwana ndi aliyense, ndipo munthu wamanyazi sangafunsire mbeta pamalo otero. Koma m'galimoto ndi mwina. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mulanje ndi ola limodzi ndi theka kwa woyendetsa mosamala, zitseko zili zotseka, ndipo mwamuna angathe kulankhula maso ali pamsewu, osayang'anizana ndi amene akumuuzayo.

Madzulo a tsikulo analemba uthenga pafoni, anaufufuta kanayi, kenaka anatumiza: "Ndili ndi mawu oti ndidzakuuzeni panjira." Tisungeni anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba. Gervazio anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali kuposa mmene chinayenerera.

Mawu achiwiri aja, akuti "ife", nawonso anali ndi kulemera kwake. A Chikafa anali a ku Namiwawa, banja lakale la mpingo wa Chipresibeteriya, anthu amene anayamba kuvala tayi azungu asanachoke ndipo sanaiwale kukumbutsa ena za zimenezo. Agogo ake a Gervazio anawoloka malire kuchokera ku Milanje ndi mphasa pamutu, kudzathyola tiyi. Bambo ake anali kalipentala ku Chilobwe, ndipo iye mwini ankakhalabe komweko, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo. Pa zaka zisanu ndi chimodzi za chinzake chawo, ku Namiwawa anapitako kambirimbiri, koma nthawi zambiri ankathera pakhonde, akudikira Wilkins kuti amalize kusamba. Tsono lero banja lomwelo linamutumizira nsalu yake.

Anaitambasula pabedi. Inali yachikasu chowala, ndipo ponseponse panali nkhanga zakuda zamawangamawanga, zikuyenda mondondozana. Akanakhala wosankha ndi iye sakanaitola, koma nsalu ya banja munthu saikana chifukwa cha mtundu.

M'mawa mwake anapita nayo kwa mayi Afisa, telala wa pakhonde la golosale pafupi ndi msika wa Chilobwe. Mayiwo atangoona nsaluyo anaseka.

"Nkhanga zinanso?"

"Zinanso bwanji, mayi?"

"Sabata ino yokha ndasoka maepuloni asanu ndi awiri a nsalu yomweyi, ndi maduku ake. Akuti za ukwati wa ku Mulanje. Inunso epuloni?"

"Ayi, malaya. A manja aatali."

Nkhani ya maepuloniyo Gervazio anaimasulira mokomera mtima wake. Anati ndi banja lalikulu, lili ndi abale mpaka ku Chilobwe, ndiponso ndi lodzichepetsa, amayi ake amaphika okha paukwati wa mwana wawo. Kenaka anayamba kuwavutitsa mayi Afisa. Anafuna kuti nkhanga za kumanja ndi za kumanzere ziziyang'anizana pamzere wa mabatani, mlomo ndi mlomo. Anafuna kuti nkhanga ya pathumba ilumikizane bwinobwino ndi ya pachifuwa, kuti thumbalo lisaoneke. Anabwerako katatu kudzayesa.

"Bambo inu, mukukwatira ndinu kapena?" anafunsa mayi Afisa ulendo wachitatuwo, mapini ali pakamwa.

Gervazio anangoyang'ana pansi, makutu akutentha.

Lachisanu kunacha ndi chiperoni. Phiri la Soche silinkaoneka, ndipo mvula yamawawa inkangonyowetsa chilichonse popanda kugwa kwenikweni. Gervazio anali atatsuka galimoto dzulo lake, koma mpando wakutsogolo anaupukutanso, n'kuubweza m'mbuyo pang'ono poganizira kutalika kwa miyendo ya Tisungeni. Juzi sanavale ngakhale kunkazizira, kuopa kubisa malaya. Ziganizo zake zitatu anazibwereza kawiri pakati pa Chilobwe ndi Namiwawa, ndipo zinali zonse.

Geti anatsegula ndi a Mabvuto, alonda a panyumbapo, bambo wachikulire amene kwa zaka zonsezi ankamupatsa moni wa kutali. Lero anathamangira pawindo nkhope ili mwee. Anali atavala malaya achikasu a nkhanga zakuda.

"Mwatchena, anzathu! Telala wanu ndi katswiri. Taonani zanga, theka zikuyenda chadodolido." Anatembenuka kuonetsa kumsana, kumene nkhanga zinali miyendo m'mwamba. "Magalimoto a ife akuimika kuseri, pafupi ndi khitchini."

Gervazio anaganiza kuti a Chikafa ndi anthu abwino kuposa mmene amawanenera, popeza nsalu ya banja anapatsako ngakhale mlonda. Ganizo limeneli linakhala ndi moyo mpaka pamene anakhota pakona ya nyumba.

Pabwalo panali anthu osachepera makumi anayi, ndipo achikasu panalibe. Pakhonde, pamene mvula sinkafika, panaima amayi ndi abambo ovala nsalu yobiriwira ya masamba agolide, akujambulana ndi mafoni, aliyense akukoka mimba kuti ilowe. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali gulu lina la nsalu ya buluu, maambulera ali m'manja. Chikasu anachipeza kuseri: amayi asanu ndi mmodzi a maepuloni ndi maduku, akukweza mapoto akuluakulu m'lole, ndi dalaivala wa loleyo atakhala pathumba la makala, akumwa tiyi m'kapu yapulasitiki. Onse nkhanga zokhazokha.

Anatsika, n'kubwerera kutsogolo wapansi kukafuna Wilkins. Asanafike pakhonde anamva mawu okuwa ngati a pabwalo la sukulu.

"A nkhanga onse kuseri! A nkhanga, katundu sadzikweza yekha!"

Anali azakhali a Mildred, mlongo wawo wa bambo Chikafa komanso wapampando wa komiti ya ukwati, mayi amene anapuma pantchito ya uphunzitsi koma pa kulamula sanapume. Duku lawo lobiriwira linali lalitali moti polowa pakhomo ankawerama. M'manja anali ndi fayilo. Anamuyang'ana Gervazio kuyambira kukolala mpaka kunsapato.

"Bambo inu, simunamve?"

"Pepani, mayi. Ine ndine Gervazio, mnzake wa Wilkins. Tinali limodzi kukoleji."

"Anzake a Wilkins ndi a buluu. Inu ndinu a nkhanga." Anatsegula fayilo, chala chikutsika pamndandanda. "Gervazio, Gervazio. Eya, ndi uyu. Thiransipoti, nambala 2. Ndinu mwana wa yani, paja?"

"Wa malemu a Fulanjisiko, a ku Chilobwe."

"Ayi, ndikunena kwanu kwenikweni."

"Agogo anachokera ku Milanje."

"Oo, kutsidya! Ndiye njira ya ku Mulanje mukuidziwa bwino, simungasochere." Anamwetulira ngati amupatsa mphatso. Ndipo poona kuti mnyamatayo sakusuntha, anamufotokozera dongosolo lonse pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi ana a Sitandade 2, akuloza ndi cholembera. "Obiriwira ndi abanja. A buluu ndi anzathu, a kutchalitchi ndi a kuntchito. A nkhanga ndi otithandiza: kukhitchini, mipando ndi thiransipoti. Chikasucho tinasankha dala, kuti muzioneka patali tikakufunani. Ku Lilongwe maukwati onse apamwamba akuchita choncho masiku ano."

Gervazio anayankha kuti zikomo. Pambuyo pake anadzifunsa chimene anathokozera, koma mawuwo anali atatuluka kale.

Anamupeza Wilkins m'galaja, akulimbana ndi mabatani a malaya obiriwira amene telala anawasoka poyembekezera munthu wochepa thupi.

"Aise, pali cholakwika," anatero Gervazio motsitsa mawu. "Ndikuganiza kuti unasinthanitsa timitolo. Nsalu iyi ndi ya ophika."

"Ya ophika ndi thiransipoti," anakonza Wilkins. "Nanga iwe sunabwere ndi thiransipoti? Aa, usandiyambitse mutu m'mawa uno. Nsalu ndi nsalu, kukada zonse zimafanana. Ine anangondipatsa kuti kapereke, mndandanda sindinauone. Tandikokera batani ili."

Gervazio anamukokera batanilo.

Pobwerera kuseri anadzilimbitsa mtima ndi mfundo imodzi. Mndandanda analemba ndi munthu wosamudziwa, mwina azakhali omwewa, amene kwa iwo aliyense wa ku Chilobwe ndi manja ndi miyendo basi. Tisungeni zimenezi sakuzidziwa. Akangomuona m'chikasu adzadabwa, mwina adzakwiya, mwinanso adzapepesa m'malo mwa banja lonse, ndipo kupepesako kudzatsegula njira ya chiganizo choyamba. Akaganiza choncho, nkhangazo zinkaoneka ngati zamuchitira mwayi.

Anakweza katundu. Kubuti kunalowa makatoni a mbale ndi matambula. Pampando wakumbuyo panakhala mabeseni, nsalu za pamatebulo, epuloni imodzi yotsala, ndi dengu lomangidwa ndi luzi mmene munali tambala woti akaperekedwe kwa akuchikazi pachinkhoswe. Azakhali a Mildred anabwera ndi pepala lolembedwa ndi inki yofiira kuti THIRANSIPOTI 2, n'kulimata pagalasi lakutsogolo. Nambala 1 inali lole. Magalimoto a obiriwira ankamangidwa maliboni.

"Mpando uwu uli chabe," anatero azakhaliwo, akusuzumira kutsogolo. "Bweretsani sutikesi yanga ija."

"Pamenepo pali munthu, mayi."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene anafunira, moti amayi a maepuloni anasiya mapoto n'kucheuka. Chibadwire, aka kanali koyamba kuti Gervazio akanize munthu wamkulu chinthu.

"Munthu wake ndani?"

"A Tisungeni."

Azakhaliwo anakweza nsidze, anayang'ana mufayilo, anamuyang'ananso iye, kenaka anachoka. Dalaivala wa lole anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Tisungeni panyumbapo panalibe. Anali atalawirira kusaluni ku Ginnery Corner, ndipo anagwirizana kuti mdipiti wonse ukamutengere kumeneko pothira mafuta. Ananyamuka nthawi itapitirira 9 koloko, ngakhale pamndandanda panalembedwa 7. Obiriwira anatsogola akuimba mahutala, ngati kuti anthu a mumzinda, amene tsiku la tchuthi anali akadali m'mabulangete, anapempha kuti adziwitsidwe. A buluu anatsatira. Kumapeto kunali Gervazio, ndipo pambuyo pake lole, mapoto akugundana.

Pamalo omwetsera mafuta magalimoto onse anaima mosalongosoka, n'kutsekereza minibasi ziwiri za ku Limbe.

"Ukwati wanuwo mukachitire kwanu, mabwana!" anakuwa kondakitala wina, akumenya chitseko. Ataona Gervazio anawonjezera: "Inu a nkhuku, tasunthani kangoloka!"

"Ndi nkhanga," anayankha Gervazio, koma galasi linali lotseka.

Kenaka anamuona. Ankatsika masitepe a saluni atanyamula m'mphepete mwa diresi lake lobiriwira kuti lisakhudze madzi, masamba agolide akunyezimira ngakhale kunalibe dzuwa. Pambali pake panali mwamuna womugwirira ambulera. Gervazio anamuzindikira. Anali Maurice, amene kukoleji anali chaka chimodzi m'mbuyo mwawo ndipo anatchuka ndi kubwereka zolemba za anzake. Tsopano ankagwira ntchito kubungwe lina ku Lilongwe, ndipo anabwera ndi chigalimoto chakuda chimene chinatenga malo a magalimoto awiri. Ubale wake ndi a Chikafa unali wofanana ndendende ndi wa Gervazio, kutanthauza kuti panalibe. Koma malaya ake anali obiriwira, a masamba agolide.

Gervazio anatuluka, n'kukaima pafupi ndi chitseko chakutsogolo chimene anali atatsegula kale.

"Eee, achimwene!" anatero Tisungeni akuomba m'manja. "Koma yakukhalani! Tatembenukani ndione. Maurice, taona, mpaka nkhanga zikupsompsonana pamabatani."

"Zaluso kwambiri, bigi," anatero Maurice, akumupatsa nsonga za zala.

Palibe kudabwa kulikonse kumene kunaoneka pankhope ya Tisungeni. Gervazio anadikira pang'ono, kuti mwina kubwera mochedwa.

"A Tisungeni, nsaluyi ndikuganiza kuti panalakwika penapake. Mwina amene analemba mndandanda sankandidziwa."

"Ayi, sipanalakwike. Mndandanda ndinalemba ndine." Ananena mosangalala, ngati munthu woulula kuti mphatso ija inachokera kwa iye. "Azakhali anati tipeze munthu wa thiransipoti wodalirika. Wosamwa, wosachedwa, wosathamanga pamsewu, komanso woti ukamutuma sakana. Ndinati musavutike, ameneyo ndikumudziwa, ndimamuona tsiku lililonse. Ndinakuganizirani inu poyambirira penipeni."

"Zikomo," anatero Gervazio kachiwiri tsiku limenelo.

"Paja Wilkins anakuuzani kuti ndikwera yanu? Zinasintha, Maurice wabwera. Koma musadandaule, mpandowo suvutika. Mudzere ku Limbe mukatenge keke, tonse tikaima komweko."

Anatsetsereka kulowera kuchigalimoto chakuda, ambulera ikumutsatira pamwamba. Gervazio anatseka chitseko chija pang'onopang'ono kuti chisamveke.

Kuchoka pa Ginnery Corner kukafika ku Limbe si patali, koma kunamukwanira kuganiza zonse zimene zinafunika kuganizidwa. Zikanakhala bwinoko Tisungeni akanakhala kuti anamuiwala, kapena kuti sanamuonepo n'komwe. Koma anamuona. Kwa zaka ziwiri, masana aliwonse, mtsikanayo ankamuyang'ana bwinobwino, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona: samwa, sachedwa, sathamanga, sakana. Anamuyeza molondola kuposa mmene iye mwini ankayezera mapuloti, n'kumuika pamalo ake pamapu, pakati pa lole ndi mapoto. Pozungulira pa Chichiri anayang'ana pachifuwa pake, pamene nkhanga ziwiri zinagundanitsa milomo monga analamulira, ndipo anakumbukira maulendo atatu aja kwa mayi Afisa. Panalibe amene anamutuma kuchita zimenezo. Pa anthu onse opusa amene anali mumdipitiwo, ovala maduku ofika kudenga ndi malaya osatseka pamimba, iye yekha ndiye anachita kulimbikira.

Akanatha kukhotera kumanja, kubwerera ku Chilobwe ndi mbale zawo ndi tambala wawo yemwe. Anaganizapo ndithu. Koma pamene ganizolo linkafika pokhwima, anali ataima kale pakhomo pa shopu ya makeke ku Limbe, ndiponso anafika woyamba, popeza ena anatsalira kuthira mafuta.

Keke inatuluka itanyamulidwa ndi anthu awiri. Inali ya nsanjika zitatu, yoyera, yokhala pathabwa, ndipo pamwamba pake panaima tizidole tiwiri ta azungu. Mwini shopu anachenjeza kuti siingayende yokha, pafunika munthu woifungatira pamiyendo njira yonse.

Mkangano unabuka pomwepo, m'mbali mwa msewu, ogulitsa kaunjika akuonerera. Mayi wina wobiriwira anati ikwere ya Maurice, popeza ndi yaikulu. Maurice anati iye sakukana, kungoti mipando yake ndi yachikopa, ndiponso galimoto yake ikayenda pang'onopang'ono imatentha. Wilkins anati yake yadzaza. Bambo wina wa buluu anayamba kufotokoza mmene keke ya mwana wake inayendera pa ndege kuchokera ku Joni, koma palibe amene anamumvera.

"Chete!" anatero azakhali a Mildred. "Keke ikwera Thiransipoti 2. Bamboyu ndi amene amayenda ngati kuli maliro. Mmodzi wa ophika aifungatire." Anaima kaye, n'kuyang'ana amayi a maepuloni amene ankasuzumira pamwamba pa lole. "Ayi. Keke singapite ndi a nkhanga okhaokha. Pafunika wabanja. Tisungeni!"

"Azakhali, diresi langa!"

"Uyale kanthu. Mndandanda unalemba ndiwe, ndiye munthu wakoyo ukumudziwa. Kwera."

Motero Tisungeni anabwera, milomo ili chotupa, n'kutsegula yekha chitseko chimene Gervazio anamutsegulira pachabe ku Ginnery Corner. Anasuzumira kumbuyo, n'kusolola epuloni yotsala ija pansi pa dengu la tambala.

"Kansanza aka kathandiza," anatero, akuyala nkhanga pamwamba pa masamba ake agolide.

Anakhala pansi, ndipo mpando unamukwana bwino miyendo, monga Gervazio anayezera m'mawa. Anamuika keke pamiyendo, chitseko chinatsekedwa. Chigalimoto chakuda chinadutsa chikuimba hutala, obiriwira ndi a buluu anatsatira, ndipo posakhalitsa onse anazimiririka m'chifunga cha msewu wa Midima.

Zonse zinali monga anazilotera. Zitseko zinali zotseka, mvula inkawaza pagalasi, kutsogolo kunali ola limodzi ndi theka, ndipo panalibe wina womva koma tambala. Fungo la mafuta a kusaluni linadzaza m'galimoto. Ziganizo zitatu zija zinalipo ndithu, zonse bwinobwino, choyamba chili kale pansonga ya lilime. Gervazio anaziyang'ana mumtima mwake monga munthu amayang'anira mapu ojambulidwa mwaluso a malo amene anagulitsidwa kale kwa wina.

Atadutsa msika wa Limbe, Tisungeni anapumira m'mwamba, n'kusuzumira kuseri kwa keke kuti amuone.

"Ulendo wake ndi wautali uwu. Tayankhulani, achimwene, ndingagone. Paja munati muli ndi mawu oti mundiuze panjira?"

"Eya."

"Ndiye nenanitu. Ndakhala ndikudzifunsa kuti a Gervazio angakhale ndi nkhani yanji."

Gervazio anachepetsa liwiro, n'kusiya njinga ya kabaza kuti iwoloke.

"Mangani lamba," anatero. "Ndipo kekeyo muigwire kuthabwa, osati m'mbali. Kutsogoloku ku Bangwe kuli mabampu."

Tisungeni anadikira.

"Ndi omwewo?"

"Ndi omwewo."

"Koma inu ndiye ayi," anaseka Tisungeni. "Mpaka kutumiziratu uthenga sabata yatha chifukwa cha lamba? Ndinawauza azakhali kuti munthu wake ndi ameneyu."

Anamanga lambayo ndi dzanja limodzi, kenaka anatulutsa foni, n'kuyamba kulemba ndi chala chachikulu chomwe chija, akumwetulira. Kumbuyo tambala anadzigwedeza m'dengu, n'kukhalanso chete. Gervazio anafika pabampu yoyamba, anaponda buleki nthawi yabwino, ndipo galimoto inakwera ndi kutsika mofatsa kwambiri moti tizidole ta pamwamba pa keke sitinagwedezeke n'komwe.